Injini yamakono m'galimoto yakale: njira zinayi zolumikizira mawaya kuno ku Kasungu

Hilux ya injini ya 4Y yomwe yatuta mabelo a fodya kupita ku Chinkhoma kwa zaka zambiri, Corolla ya kabuleta, Hiace yotopa ndi msewu wa ku Chamama: thupi likadali lolimba, koma injini ikumwa oyilo ndi kufuka utsi. Apa m'pamene ambiri amaganiza zoika injini yamakono yochokera ku Japan. Kuikhazika pamalo pake, kuwotcherera zogwirizira ndi kuikumanitsa ndi giya bokosi, amakaniko athu amazitha. Ntchito imakaima pa mawaya. Injini yakale inkafuna mawaya owerengeka ndi zala: wa koyilo, wa sitata, wa olitaneta, wa oyilo ndi wa kutentha. Yatsopanoyi siilira popanda kompyuta, ndipo kompyutayo ili ndi mapini 50 kapena kuposa.

Njira yolumikizira iyenera kusankhidwa ndalama za injini zisanatuluke m'thumba. Galimoto zambiri zomwe zatchona m'magalaja zili ndi injini yabwinobwino, koma eni ake anagula chitsulo chokha, mawaya atadulidwa kale ndi wophwasula.

Poyezera njirazi

Mtengo woyenera kuwerenga ndi wa ntchito yonse mpaka galimoto itayenda, osati wa injini yokha. Mitengo ya zipangizo imatsatira dola ndipo imasintha mwezi ndi mwezi, choncho pano tikuyerekeza njira ina ndi inzake, yotsika ndi yokwera. Kupezeka ndi funso la mtunda: chinthucho chili m'tauni ya Kasungu, kapena mpaka muyende makilomita pafupifupi 130 kupita ku Lilongwe, kapena chichokere kunja? Kusamalira kukutanthauza amene angaikonze galimotoyo ikathima ku Santhe kapena ku Nkhamenya, inu muli kutali. Zoopsa ndi zomwe zingapse, kuwononga injini kapena kuyatsa moto. Kwa amene akuphunzira ntchitoyi, tanenanso pamene njira ikuphunzitsa ndi pamene ikungosokoneza.

Zofunika pa njira iliyonse ya kompyuta

Choyamba ndi mafuta. Pampu ya kabuleta imakankha ndi mphamvu yosafika theka la bar, pomwe ma nozzle a injini ya petulo yamakono amafuna pafupifupi ma bar 3. Pampu, sefa, mapaipi a labala ndi zomangira zake zonse zisinthidwe. Paipi yakale ikaphulika pa ma bar 3 imapopera petulo pa ekizozi yotentha. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwanso ndi ethanol, yemwe amafewetsa labala wakale. Injini ngati 1NZ-FE ilibe paipi yobwezera mafuta, chifukwa chowongolera mphamvu yake chili m'thanki pamodzi ndi pampu. Mukaika pampu yakunja popanda chowongolera ndi paipi yobwerera, injini imamira ndi mafuta. Thanki ya kabuleta ilibenso zotchinga mkati, ndiye mafuta akachepa pampu imakoka mpweya pokhota. Pampu yamagetsi imazizira ndi mafuta omwewo, ndipo m'nyengo zosowa mafuta, pamene anthu amayendera malita awiri a m'chigubu, ndi pamene mapampu amafa.

Chachiwiri ndi moto wochokera pa kiyi. Waya wopita ku koyilo yakale sayenera kudyetsa kompyuta. Pa galimoto za mapointi waya ameneyu amadutsa pa resistor yotsitsa moto kufika cha m'ma volt 9. Waya wa wailesi nawo amazima pamene kiyi akuliza sitata. Funani waya wokhala ndi moto pa ON ndi pa START pomwe, ndipo iyeyo angokoka relay basi: pini 86 ku kiyi, 85 ku ethi, 30 ku batire kudzera pa fyuzi, 87 ku katundu.

Chachitatu ndi ethi. Chingwe chonenepa chichoke pa batire kupita pa buloko, china pa buloko kupita pa thupi la galimoto, pamalo opalidwa utoto ndi dzimbiri. Poliza sitata, mita ikaikidwa pakati pa buloko ndi mutu wa negative wa batire isawerenge kuposa 0.2 volt.

Musaiwale mapepala. Nambala ya injini yatsopano iyenera kulowa m'bulu buku ku Road Traffic, choncho sungani lisiti ndi zikalata za MRA zosonyeza mmene injiniyo inalowera.

Njira yoyamba: half-cut, ndi kupungula mawaya ake omwe

Apa mumagula theka lakutsogolo la galimoto: injini, giya bokosi, kompyuta, mawaya onse, bokosi la mafyuzi, dashibodi ndi kiyi, zonse za galimoto imodzi.

*Mtengo.* Pogula ndi yokwera kuposa injini yokha, ndipo pamafunika lole yoinyamula. Komabe zogula zina zimachepa kwambiri, ndipo zotsala monga magetsi akutsogolo, radiator ndi miyendo zimagulitsika n'kubweza gawo la ndalama.

*Kupezeka.* Ku Lilongwe, makamaka cha ku Biwi, ndi kumene ambiri amayambira kufunsa. Za Toyota sizivuta: 5A-FE, 7A-FE, 3S-FE, 1NZ-FE ya mu Probox kapena Corolla, ndi 3RZ-FE kwa a Hilux. Pemphani kuti ailize isanaphwasulidwe. Ikalira ili pansi pomwepo, ndiye kuti kompyuta, kiyi ndi masensa zikumvana, ndipo chilichonse chovuta pambuyo pake n'cha m'manja mwanu.

Ntchito yake imayenda motere. Musanazule pulagi iliyonse, imateni kapepala kolemba dzina ndipo ijambuleni pa foni. Yalani mtolo wonse wa mawaya pa thabwa lalikulu, muumasule tepi. Pezani chithunzi cha mawaya cha galimoto yomweyo ndi chaka chomwecho, chifukwa mitundu ya mawaya imasintha ngakhale injini ili ndi dzina limodzi. Mawaya ochoka pa kompyuta kupita ku ma nozzle, makoyilo ndi masensa musawakhudze n'komwe. Anu ndi ochepa okha omwe ankapita ku thupi la galimoto ija, ndipo pa Toyota mayina ake ndi awa. BATT imafuna moto wa batire nthawi zonse, kudzera pa fyuzi ya 15A. +B imalandira moto kuchokera ku relay yaikulu ya EFI, yomwe imadyetsa kompyuta. Pa makompyuta ena relay imeneyi imakokedwa ndi kiyi, pa ena kiyi amapita ku IGSW ndipo kompyuta imaikoka yokha kudzera pa MREL. E1, E01 ndi E02 ndi ethi za pa injini. STA imauza kompyuta kuti sitata ikuzungulira kuti ionjezere mafuta polizira. FC imakoka relay ya pampu. W ndi ya nyale ya check engine. SPD ndi ya liwiro.

E2 ndi ethi ya masensa, ndipo imathera mu kompyuta momwemo. Mukailumikiza ku thupi la galimoto, masensa amayamba kunama. Waya wina aliyense amene mukufuna kuchotsa, mutsatireni ndi dzanja mpaka kumapeto kwake musanamudule. Mawaya a ethi ndi a moto amakumana m'mfundo zobisika mkati mwa mtolo, ndipo kudula mmodzi wa wiper kukhoza kuzimitsa makoyilo.

Kompyuta isalumikizidwe mpaka mutayeza pa pulagi yake: ma volt 12 pa BATT kiyi atazima, ma volt 12 pa +B kiyi ali pa ON, osatsika pansi pa 10 poliza sitata, ndi ethi zosafika ohm imodzi. Mukailumikiza, nyale ya check engine iyake pa ON, ndipo pa sensa ya throttle (chotsegulira mpweya wolowa mu injini) papezeke ma volt 5 pa waya wa VC. Nyaleyi ambiri amaisiya poiyesa chokongoletsa, chonsecho ndi pakamwa pa kompyuta. Pa Toyota zakale, mukalumikiza TE1 ndi E1 pa kabokosi koyezera, nyale imaphethira nambala ya vuto: 12 ndi chizindikiro cha kuzungulira kwa injini chomwe sichikufika, 14 ndi moto wa mapulagi, 22 sensa ya madzi, 31 sensa ya mpweya, 41 ya throttle, 42 ya liwiro. Pa zatsopano sungani pulagi ya OBD ya mapini 16 yolumikizapo makina oyezera, moto pa pini 16, ethi pa 4 ndi 5.

*Kusamalira.* Apa njirayi ilibe inzake. Wamagetsi aliyense wodziwa Corolla kapena Probox amaimva, makina oyezera amaiwerenga, ndipo sensa ikafa mumagula ya galimoto yomwe ija. Lembani dzina la galimotoyo ndi nambala ya kompyuta pa pepala, muliike m'kabokosi ka pa dashibodi.

*Zoopsa.* Choyamba ndi immobiliser, chitetezo choletsa injini kulira popanda kiyi wake. Ngati galimotoyo inali nayo, kiyi, kamphete kozungulira pobayira kiyi, kabokosi kake ndi kompyuta ziyenera kuyendera limodzi. Chimodzi chikasowa, sitata imazungulira koma injini siigwira. Chachiwiri ndi IGF, waya wobweza uthenga woti koyilo yathetheka. Akaduka, injini imagwira kamphindi n'kuthima, chifukwa kompyuta imadula mafuta, ndipo anthu amasintha pampu yabwinobwino pachabe. Kompyuta ya giya ya otomatiki ikaikidwa pa manyuwo imadandaula za ma solenoid omwe kulibe, ndipo waya wa NSW, wouza kompyuta kuti giya ili pa neutral, amafunika kumukonza. SPD ikasowa, injini zina zimathima mukamaima pa mphambano. Injini za throttle yamagetsi zimafuna pedulo yake yomwe. Kwa wophunzira, ya throttle ya chingwe ndi yabwino kuyambira.

Pali chizolowezi chimodzi choyenera kuchikana: kulumikiza pampu ya mafuta molunjika ku kiyi pofuna kuthawa FC. Galimoto imalira ndithu. Koma ikachita ngozi paipi n'kuduka, pampu imapitiriza kuthira petulo injini itazima kale.

Njira yachiwiri: injini yokha, kompyuta ndi mawaya zotolera

*Mtengo.* Tsiku logula imaoneka yotsika kuposa zonse. Kenaka pamabwera kompyuta, mtolo wa mawaya, sensa ya mpweya, igniter (kabokosi kothetheretsa koyilo), mapulagi odulidwa, ndi maulendo a minibasi opita ku Lilongwe kukabweza chomwe sichinagwirizane. Pomaliza imatha kufanana ndi half-cut kapena kuipitirira.

*Kupezeka.* Zidutswa zilipo zambiri, koma zogwirizana n'zochepa. 3S-FE yakale ili ndi disitibyuta, yatsopano ili ndi makoyilo awiri opanda disitibyuta. 1NZ-FE ina ndi ya chingwe, ina ya throttle yamagetsi. Nambala ya kompyuta ya Toyota imayamba ndi 89661 kapena 89666, ndipo manambala asanu otsatirawo ndi amene amanena galimoto, giya ndi msika wake. Wogulitsa akangoti ndi ya 1NZ, sanakuuzeni kanthu.

*Kusamalira.* Zikagwirizana bwino, n'chimodzimodzi njira yoyamba. Zikagwirizana mokakamiza, galimoto imakhala ya munthu mmodzi, amene anailumikiza uja.

*Zoopsa.* Mapulagi a makompyuta osiyana amatha kulowana bwinobwino mapini ali osiyana ntchito. Ma volt 12 akalowa pa pini ya ma volt 5, kompyuta yapita. Vuto lina ndi losaoneka msanga: injini imalira, koma ma nozzle ndi kompyuta si za banja limodzi, ndiye imadya mafuta kapena kutentha. Wophunzira amavutika kwambiri apa chifukwa sadziwa ngati walakwitsa ndi iye kapena chipangizo. Ngati mwagula kale injini yotere, yezani masensa musanaimbe mlandu kompyuta. Sensa ya madzi ya Toyota imawerenga ma ohm 2,000 mpaka 3,000 pa madigiri 20, ndi 200 mpaka 400 pa madigiri 80. Ma nozzle ambiri a injini zimenezi amawerenga ma ohm 12 mpaka 16.

Njira yachitatu: kompyuta yogula padera yotchuna nokha

Awa ndi makompyuta ngati Spitronics, Dicktator ndi Gotech a ku South Africa, Haltech ya ku Australia, Link ya ku New Zealand, kapena Speeduino yomwe imamangidwa pa kabolodi ka Arduino. Amabwera ndi mawaya atsopano, ndipo sasamala za immobiliser, dashibodi kapena giya.

*Mtengo.* A ku South Africa ndi Speeduino ndi otsikirapo, Haltech ndi Link ndi okwera kwambiri. Onjezanipo msonkho, laputopu, nyale yoyezera timing, ndi sensa ya wideband yoyezera kasakanizidwe ka mafuta ndi mpweya. Popanda wideband mukutchuna ndi khutu, ndipo khutu silimva pisitoni ikamayamba kupsa.

*Kupezeka.* N'zoitanitsa kuchokera kunja, kudzera mwa oyenda ku Johannesburg kapena pa intaneti. Ikafa, galimoto imadikira masabata.

*Kusamalira.* Mawaya ake ndi osavuta kuwatsata kuposa a fakitale, chifukwa ndi ochepa ndiponso olembedwa. Chovuta ndi mapu a mafuta ndi moto. Makina oyezera a m'magalaja ambiri sawerenga makompyuta otsika mtengowa, choncho pamafunika laputopu yokhala ndi pulogalamu yake. Sungani fayilo ya matchunidwe pa foni ndi pa flash.

*Zoopsa.* Kompyuta iyenera kuuzidwa mtundu wa gudumu la mano la pa crank. Pa 1NZ-FE ndi 1ZZ-FE ndi la 36-2, kutanthauza malo a mano 36 pomwe awiri palibe. Mukalakwitsa apa, moto umathetheka nthawi yolakwika. Tsimikizani ndi nyale ya timing, ma nozzle atazulidwa, musanathire mafuta. Waya wa sensa ya crank akhale wokutidwa ndi shield yolumikizidwa ku ethi mbali imodzi yokha, ndipo adutse kutali ndi makoyilo ndi olitaneta. Makoyilo a Toyota okhala pamwamba pa pulagi ali ndi igniter mkati ndipo amafuna kachizindikiro ka ma volt 5. Mukawatchera mozondoka amatentha n'kusungunuka kiyi ali pa ON chabe. Makompyuta otsika mtengo ena amangoyatsa ndi kuzimitsa VVT-i (yosuntha nthawi yotsegukira mavalavu) m'malo moiyendetsa pang'onopang'ono, ndiye mphamvu ndi kusunga mafuta zomwe munagulira injiniyo zimachepa. Pa mafuta, lambda, nambala ya kasakanizidwe ka mafuta ndi mpweya yomwe wideband imawerenga, ikhale 1 poyenda wamba, ndi cha m'ma 0.85 mpaka 0.88 mukaponda kwambiri. Kulira kwa m'mawa wa mu June ndi kumene kumatenga masiku ambiri kukonza, chifukwa mpata woyesera injini yozizira umapezeka kamodzi patsiku. Kasungu ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, choncho galimoto yotchunidwa kuno iyesedwenso mukatsikira kunyanja ku Nkhotakota, kumene mpweya ndi wochuluka.

Pa kuphunzira, palibe njira yophunzitsa mmene injini imaganizira kuposa iyi. Koma si ya galimoto yomwe banja likudyerapo.

Njira yachinayi: kuchotseratu kompyuta

Pa petulo ndiye kuika kabuleta ndi disitibyuta. Pa dizilo ndiye kuika pampu wamba, yosayendetsedwa ndi kompyuta.

*Mtengo.* Pa petulo ndi wotsika poyamba, koma mumalipira pa filling station tsiku lililonse, poti kabuleta siingafanane ndi ma nozzle pa kusunga mafuta. Pa dizilo pampu yabwino siitchipa, ndipo iyenera kupita kwa oyeza mapampu.

*Kupezeka.* Zimatheka pa injini zomwe zinali ndi abale a kabuleta, monga 4A-FE ndi 5A-FE zomwe abale ake ndi 4A-F ndi 5A-F, ngakhale manifold amafunika kuwayeza ngati mabowo akukumana. Pa 1NZ-FE palibe n'pobayira disitibyuta pomwe. Pa dizilo, 5L-E imalandira pampu ya 5L, ndipo 1KZ-TE ili ndi m'bale wake 1KZ-T wa pampu wamba.

*Kusamalira.* Makaniko wa pa trading centre iliyonse amaikonza ndi sipanala ndi sikuludiraiva. Dizilo yotere imafuna waya mmodzi wa solenoid yozimitsira, kuphatikiza relay ya ma heater plug.

*Zoopsa.* Disitibyuta ya injini ya kompyuta ilibe zolemera kapena vacuum zosunthira moto, poti ntchitoyo inkagwiridwa ndi kompyuta. Mukaisiya momwemo, moto umaima pamodzi, galimoto imafooka pokwera ndipo imatentha. Pamafunika disitibyuta ya kabuleta yeniyeni. Pampu yamagetsi ya ma bar 3 ikasiyidwa, imasefukiritsa kabuleta. Pa 1KZ, pampu yotsegulidwa mafuta mopitirira imakweza kutentha, ndipo injini imeneyi imadziwika ndi kung'aluka mutu ikatenthedwa.

Kamangidwe, kaya mwasankha iti

Fumbi la mu Okutobala, matope a mu Januwale ndi mabampu a misewu ya m'maesiteti zimapeza mfundo iliyonse yopotokola ndi zala n'kukulunga tepi. Mfundo zikhale zofinya ndi crimp, zovekedwa heat shrink. Masensa amakwana waya wa 0.5 mm², makoyilo ndi ma nozzle 1.0 mpaka 1.5, pampu ndi fani 2.5 kapena kuposa. Mawaya a magetsi a m'nyumba ndi ouma ndipo amathyoka ndi kunjenjemera. Fyuzi iliyonse ikhale pafupi ndi batire. Pobowola khoma la pakati pa injini ndi anthu, ikani labala pabowo. Kompyuta ikhale mkati, pamwamba, pulagi itayang'ana pansi kuti madzi asatsatire mawaya n'kulowa. Poyeza mawaya a kompyuta gwiritsani mita, osati tesita ya babu, yomwe imakoka moto wambiri. Pokawotcherera ekizozi, zulani batire ndi kompyuta. Ndipo galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe kapena shedi ya chimanga, mawaya ake alowe m'mapaipi apulasitiki chifukwa cha makoswe.

Geji ya kutentha ya pa dashibodi yakale imafuna sensa yake yakale, choncho ipezereni bowo pa injini yatsopano, ya kompyuta ikhale payokha. Geji ya ma rev yomwe inkawerenga pa koyilo imafuna kabokosi kosinthira chizindikiro. Olitaneta ya Toyota ya mapini S, IG ndi L ikalumikizidwa bwino, batire liwerenge ma volt 13.8 mpaka 14.4 injini ikulira.

Iti ikuyenera ndani

Ngati galimoto ndi ya tsiku ndi tsiku, takisi ya m'tauni kapena ya banja, ndipo aka n'koyamba kugwira ntchito yotere, tengani half-cut ya throttle ya chingwe, yopanda immobiliser kapena yokhala ndi kiyi wake, yomwe mwaimva ikulira. Mwini Hilux ya petulo ayang'ane 3RZ-FE mwa njira yomweyi.

Ngati injini yokha ili kale pakhomo, pezani nambala ya galimoto yomwe inachokamo, ndipo kompyuta ndi mawaya mugule kwa munthu mmodzi, zochoka m'galimoto imodzi. Zikakanika kupezeka, kapena kompyuta yake ili yokhoma ndi immobiliser kiyi palibe, kompyuta ya ku South Africa ndi yotsika mtengo kuposa kumangogula zidutswa zoyesa.

Wophunzira zamagetsi a galimoto amene ali ndi laputopu, nthawi, ndi galimoto yomwe siikudikiridwa ndi munthu, apite ku njira yachitatu, ayambire pa injini yopanda VVT-i ngati 5A-FE kapena 7A-FE.

Pickup ya dizilo yogwira ntchito m'minda ya ku Chulu kapena Chamama, kutali ndi makina oyezera, imakhala bwino ndi pampu wamba pa 5L kapena 1KZ, bola geji ya kutentha ikhale yogwira. Kabuleta pa injini ya petulo yamakono isiyireni galimoto yoyenda pang'ono, ya pa esiteti.

Dizilo za common rail monga 2KD-FTV ndi 1KD-FTV zili pazokha. Mafuta ake amakankhidwa ndi mphamvu yoposa ma bar 1,300, ma nozzle amayendetsedwa ndi kabokosi kena kotchedwa EDU, pedulo ndi yamagetsi, ndipo makompyuta otsika mtengo a petulo aja saziyendetsa. Izi zimafuna half-cut yathunthu, kiyi wake, makina oyezera, ndi munthu amene analumikizapo kale injini zingapo za petulo.